KUSANTHULA NKHANI ZAZIFUPI ZA MALODZA: CHITSANZO CHA NG'OMBE YA MABATA-BATA

Mawu otsogolera

Ophunzira ambiri a Fomu 3 ndi Fomu 4 amakonda nkhani zazifupi zomwe muli malodza. Akamva za munthu wosanduka chilombo kapena maliro odzuka m'bokosi, kalasi yonse imangoti zii, ndipo ngakhale amene amawodzera paphunziro la malamulo a chiyankhulo amatong'ola maso. Koma likafika tsiku la mayeso, nkhani zomwezi ndizo zimawagwetsa. Wina amangofotokozanso nkhani yonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto ngati akusimbira mnzake kudambo. Wina amalemba kuti mfundo yaikulu ndi ufiti, basi n'kutseka pepala. Winanso amataya nthawi kutsutsa kuti zoterezi sizingachitike padziko. Onse atatuwa amataya malikisi chifukwa sadayankhe funso limene nkhaniyo ikufunsa.

Mutu uno ukutsindika mfundo imodzi. M'nkhani yopeka, chinthu chodabwitsa ndi chipangizo chimene mlembi wasankha dala, monga momwe amasankhira malo, nthawi ndi apangankhani. Choncho funso la wophunzira lisakhale lakuti, "Kodi zimenezi zingachitikedi?" Funso lake likhale lakuti, "Kodi mlembi waika malodzawa kuti ndione chiyani chimene ndikadachilambalala?" Nkhani zimene tatenga ngati zitsanzo zidalembedwa m'ziyankhulo zina, koma luso lozisanthulira ndi lomwelo limene mudzagwiritse ntchito pa nkhani iliyonse ya Chichewa imene mudzakumane nayo pa mayeso a MSCE.

1. Mitundu itatu ya nkhani zodabwitsa

Tisanapite patali, tiyeni tisiyanitse mitundu itatu ya nkhani zodabwitsa imene mumaidziwa kale.

Mtundu woyamba ndi nthano. Agogo akati "Padangokhala," ana n'kuvomera kuti "Tili tonse," aliyense amadziwa kuti talowa m'dziko lina. Kalulu akayankhula kapena ng'oma ikayamba kuimba yokha, palibe amene amadabwa, pakuti m'dziko la nthano zimenezo ndi zachizolowezi. Kawirikawiri nthano imatha ndi phunziro loonekeratu.

Mtundu wachiwiri ndi nkhani zimene wozinena amati zidachitikadi. Izi ndi mphekesera za pachitsime ndi pamsika, komanso zina mwa zimene anthu akhala akumva papulogalamu ya Nkhani za M'maboma, yomwe wailesi ya MBC idayamba kuulutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Chitsanzo chapafupi ndi ife kuno ku Nsaru ndi chilombo cha ku Dowa cha m'chaka cha 2003, chimene chidapha anthu ndi kuvulaza ena ambiri mpaka anthu zikwi adathawa m'midzi mwawo kukagona kuboma. Akuluakulu a boma adati adali fisi wachiwewe. Anthu ambiri a m'midzimo sadakhutire ndi yankho limeneli. Nkhani ya mtundu uwu imafuna kuti womvera asankhe: akhulupirire kapena akane.

Mtundu wachitatu ndi nkhani yaifupi yopeka yamakono, ndipo ndiyo tikuphunzira pano. Nkhani yotere imachitikira m'dziko lathu lomweli. Muli msika, njinga za kabaza, ngongole ya feteleza, fizi ya sukulu ndi zigafa za fodya. Kenaka mwadzidzidzi mumalowa chinthu chimodzi chosayenera kukhalamo. Thupi limachita tsemwe chifukwa china chilichonse m'nkhanimo tikuchidziwa bwino, kupatula chimodzi chokhacho.

Katswiri wina wa zolembalemba, Tzvetan Todorov, yemwe adabadwira ku Bulgaria n'kukakhazikika ku France, adalemba buku lokhudza nkhani zoterezi m'chaka cha 1970. Iye adaona kuti mphamvu ya nkhani izi ili pa kukayikakayika. Wowerenga amakhala pakati pa mayankho awiri: lina la zochitika wamba, lina la mizimu kapena matsenga. Nkhani zina zimathera pa yankho loyamba, zina pa lachiwiri, ndipo zina zimamusiya wowerenga ali pamphambano pomwepo. Mukamawerenga, dzifunseni kuti nkhani yanu yathera pati mwa malo atatuwa, nanga mlembi wapindulanji poithera pamenepo.

2. Chidule cha nkhani ya Mabata-bata

Mia Couto ndi mlembi wa ku Mozambique. Adabadwira mumzinda wa Beira m'chaka cha 1955 ndipo amalemba m'Chipwitikizi. M'chaka cha 1986 adatulutsa buku la nkhani zazifupi lotchedwa Vozes Anoitecidas, lomwe David Brookshaw adalimasulira m'Chingerezi n'kutuluka m'chaka cha 1990 ndi mutu wakuti Voices Made Night. Imodzi mwa nkhani za m'bukuli ndi The Day Mabata-bata Exploded, kutanthauza tsiku limene Mabata-bata adaphulika.

Mpangankhani wamkulu ndi Azarias, mnyamata wamasiye amene amaweta ng'ombe za amalume ake, a Raul. Anzake amapita kusukulu koma iye amaswera kubusa. Tsiku lina ng'ombe yaikulu kuposa zonse, yotchedwa Mabata-bata, idaphulika iye akuona, nyama yake n'kumwazika ponseponse. Ng'ombeyi amalume ake ankaisungira malowolo, monga amachitira anzathu a kumpoto. Kumwamba kudalibe mtambo wa mvula. Azarias adaganiza kuti yapha ng'ombeyo ndi ndlati, mbalame ya mphenzi imene anthu a kwawo amaikhulupirira. Poopa kukwapulidwa, mnyamatayo sadabwerere kumudzi.

Madzulo kunyumba kudafika asilikali kudzanena kuti ng'ombe yaponda bomba lokwirira pansi, ndipo adachenjeza kuti m'deralo mungakhale mabomba ena. A Raul adapita kukafuna mnyamatayo, ngakhale mtima wawo udali pa ng'ombe zotsala. Agogo ake a Azarias, a Carolina, adawatsatira. Atampeza chakumtsinje, mnyamatayo adakana kutuluka pomwe adabisala. Kenaka adapempha chinthu chimodzi: kuti amulole kuyamba sukulu. Amalume aja adavomera ndi pakamwa pokha, pofuna kuti aulule kumene kuli ng'ombe. Azarias adatuluka akuthamanga ndi chimwemwe, ndipo adaponda bomba lina. Nkhani imatha mnyamatayo akuona mbalame ya mphenzi ija ikumutsikira, iye n'kuikumbatira.

Chidule chathera pamenepa. Onani kuti chatenga ndime ziwiri zokha. Pa mayeso chidule chanu chikhale chachifupi kuposa apa, pakuti malikisi ambiri ali pa zimene zikutsatirazi.

3. Kusanthula nkhaniyi

Malo ndi nthawi. Nkhaniyi ikuchitikira kumudzi m'nthawi ya nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, yomwe idayamba m'chaka cha 1977 n'kutha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okotobala 1992. Nkhondoyi idatikhudza ife Amalawi, pakuti anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira m'dziko muno, makamaka m'maboma a m'malire monga Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Mabomba okwirira adapitiriza kupha alimi ndi abusa nkhondo itatha kale, ndipo dziko la Mozambique lidalengeza kuti lamaliza kuchotsa mabomba onse odziwika m'chaka cha 2015. Chochititsa chidwi n'chakuti mlembi sakutionetsa nkhondo yeniyeni. Palibe kuwomberana, palibe mtsogoleri wandale amene akuyankhula. Nkhondo yalowa m'nkhaniyi kudzera pansi pa ziboda za ng'ombe, pamalo amene mwana amapondapo tsiku ndi tsiku. Wophunzira amene wangolemba kuti "malo ndi kumudzi" sadalakwe, koma wasiya malikisi panjira. Wochenjera amaonjezera kuti malo odyetsera ziweto, omwe amayenera kupatsa moyo, asanduka msampha.

Maso amene tikuonera nkhani. Apa ndiye pagona luso lalikulu la mlembi. Kuphulika koyamba tikukuona ndi maso a Azarias, choncho tikumva za mbalame ya mphenzi. Kenaka wosimba nkhani akutitengera kunyumba, kumene asilikali akutiuza yankho lenileni. Kuyambira pamenepo ife owerenga tikudziwa chimene mnyamatayo sakuchidziwa. Mantha athu asintha. Poyamba timaopa mbalame yosadziwika, tsopano tikuopa nthaka imene mwanayo aimapo. Akamathamanga ndi chimwemwe, ife mtima uli m'mwamba chifukwa tikudziwa chimene chili mumchenga. Pamapeto wosimba nkhani akutibwezeranso m'maso mwa mnyamatayo. Mlembi akadafuna, akadatha kuthera nkhani pa yankho la asilikali. Iye wasankha kuti mawu omaliza akhale a mwana, osati a anthu a mfuti.

Ntchito ya mbalame ya mphenzi. Ndlati si mfundo yaikulu ya nkhaniyi. Ndi chiphiphiritso. Choyamba, mbalameyi ikutionetsa umbuli umene mwanayo adaumirizidwa kukhala nawo. Amene adamumana sukulu adamumananso mawu otchulira chimene chikumupha, motero iye akufotokoza bomba pogwiritsa ntchito nzeru yokhayo imene ali nayo. Chachiwiri, mbalameyi ikufanana ndi nkhondo momwe munthu wamba amaionera: imagwa mosayembekezereka, siisankha wolakwa, ndipo palibe bwalo limene ungakaisumire. Chachitatu, mbalame imauluka, pamene Azarias moyo wake wonse wamangiriridwa ku michira ya ng'ombe za eni. N'chifukwa chake pamapeto sakuithawa.

Malodza enieni ali pati? Werenganinso chidule chija mofatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ng'ombe yaphulika pamaso pa mwana. Kodi mwanayo akuopa chiyani kwambiri? Sakuopa mbalame, sakuopanso imfa. Akuopa amalume ake. Nawo amalumewo atamva kuti kubusa kuli mabomba, nkhawa yawo yoyamba ili pa ng'ombe. Pakhomo pamenepa ng'ombe ili ndi dzina lotchuka ndi mtengo wodziwika, pamene mwana alibe wom'werengera. Awa ndiwo malodza amene mlembi akufuna tiwaone. Ana amasiye oweta ng'ombe za abale awo anzawo ali m'kalasi timawaona m'madambo a Kabudula, Nambuma ndi Mpingu, ndipo maso athu adazolowera. Padafunika kuti ng'ombe iphulike kuti timuyang'ane mbusayo kachiwiri. Makolo adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma nkhaniyi ikutionetsa khomo limene mwambiwu udaiwalika.

Pampondachimera. Nkhani yafika pampondachimera pamene Azarias akupempha sukulu ndipo amalume ake akuvomera monama. Taonani kupweteka kwake. Chinthu chabwino chokhacho chimene mwanayo adachilakalaka ndicho chasanduka nyambo yom'kokera pabomba. Akadakhala wopanda chiyembekezo, bwenzi atakhalabe pomwe adabisala. Choncho funso lakuti "adapha Azarias ndani?" lili ndi mayankho angapo: amene adakwirira bomba, amalume amene adanama, ngakhalenso agogo amene ankaona nkhanzazo koma mphamvu zoziletsa adalibe. Woyesa mayeso amalandira yankho lililonse mwa amenewa malinga mwapereka umboni wochokera m'nkhanimo.

Zofooka za nkhaniyi. Kusanthula si kuyamikira kokha. Wina angadandaule kuti a Raul ndi mpangankhani wa mbali imodzi: ndi ankhanza pachiyambi, ankhanza pamapeto, ndipo sitikuuzidwa chimene chidawaumitsa mtima. Dandaulo limeneli lili ndi maziko, ngakhale kuti nkhani yaifupi ilibe malo okwanira kukuza mpangankhani aliyense. Wina angatinso mlembi wakometsa imfa ya mwana poiveka nthenga za mbalame, pamene imfa ya bomba ndi yonyansa. Apa ine ndikuona mosiyana. Mlembi adationetsa kale pa ng'ombe ija chimene bomba limachita ndi thupi, ndipo wowerenga aliyense akudziwa kuti zomwezo zam'chitikira mwanayo. Kusatchulako ndiko kukupangitsa kuti chithunzicho chisatichoke m'mutu. Inu mukhoza kutsutsa maganizo angawa, koma mutsutse ndi zifukwa.

4. Zitsanzo zina ziwiri

Njira yomweyi imagwira ntchito pa nkhani zina. Franz Kafka, mlembi wa mumzinda wa Prague amene ankalemba m'Chijeremani, adatulutsa nkhani yodziwika m'Chingerezi kuti The Metamorphosis m'chaka cha 1915. Gregor Samsa, mnyamata wogulitsa nsalu amene amadyetsa banja lonse ndi kubweza ngongole ya makolo ake, adadzuka m'mawa wina atasanduka chikachirombo chachikulu. Mlembi sakufotokoza chifukwa chake. Gregor mwini wake nkhawa yake yoyamba ndi yakuti wachedwa kuntchito. Pang'onopang'ono abale ake akutopa naye, ndipo atamwalira iwo akupumira m'mwamba n'kupita kokayenda. Wophunzira amene atanganidwe ndi kufufuza mtundu wa kachiromboko wasochera. Nkhaniyi ikufunsa kuti: munthu amene ankatumiza ndalama akadwala n'kuleka kupindulitsa, kodi pakhomo amakhalabe m'bale? Aliyense amene adaonapo munthu wobwera ku Joni ali wodwala, manja ali lende, akulimva bwino funso limeneli.

Lesley Nneka Arimah, mlembi wa ku Nigeria amene adapata mphotho ya Caine Prize m'chaka cha 2019, adalemba nkhani yotchedwa Who Will Greet You at Home, yomwe idatuluka m'magazini ya The New Yorker m'chaka cha 2015. M'dziko la nkhaniyi, mayi amaumba yekha mwana wake ndi zipangizo zimene angakwanitse, ndipo mwanayo amakhala wamoyo akadalitsidwa ndi mayi wamkulu. Olemera amaumba ndi zinthu zolimba ndi zokongola, osauka amatola zimene apeza. Ogechi, mtsikana wosauka wogwira ntchito m'saluni, adaumba wake ndi tsitsi losesa pansi, ndipo mwanayo adayamba kumudya mayi wake yemwe. Apa palibe kukayikakayika kwa mtundu wa Todorov uja, chifukwa aliyense m'nkhanimo akuona kuti kuumba ana n'kwachizolowezi. Komabe funso lathu silisintha. Malodzawa akutionetsa kuti tsogolo la mwana limayamba kuumbidwa ndi thumba la makolo ake iye asanabadwe, komanso kuti chikhumbo chofanana ndi olemera chikhoza kumudya munthu.

5. Nanga alembi a kuno kwathu?

Alembi a ku Malawi akhala akugwiritsa ntchito zodabwitsa kwa nthawi yaitali, ndipo china mwa zifukwa zake chidali chitetezo. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, lamulo la m'chaka cha 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi zisudzo anthu asanazione. Mlembi wodzudzula boma poyera ankaika moyo wake pachiswe. Mlakatuli Jack Mapanje adatsekeredwa kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Motero alembi ambiri, makamaka amene ankakumana m'gulu la alembi la pa Chancellor College kuyambira m'chaka cha 1970, adaphunzira kubisa mfundo zawo m'nthano, m'nyama ndi m'mizimu.

Steve Chimombo, amene adabadwa m'chaka cha 1945 n'kumwalira m'chaka cha 2015, adatenga Napolo, chinjoka chimene anthu amati chimagumula phiri chikamasamukira kunyanja, monga zidachitikira ku Zomba m'chaka cha 1946 ndi ku Phalombe m'chaka cha 1991. M'zolemba zake, monga Napolo Poems ya 1987 ndi The Wrath of Napolo ya 2000, Napolo akuimira mphamvu iliyonse imene imasesa anthu wamba popanda kufunsa. M'buku lake la nkhani zazifupi la 2006, The Hyena Wears Darkness, dzina la fisi likunena za chilombo cha usiku komanso mwamuna wa pamwambo uja, ndipo nkhani zake zikukhudza kufala kwa matenda a Edzi.

Alembi a m'badwo wotsatira adatsegula khomo lina, la nkhani zoganizira zam'tsogolo. Shadreck Chikoti adalemba buku la Azotus the Kingdom, ndipo adatsogolera ntchito yotulutsa Imagine Africa 500, buku la nkhani zazifupi zoganizira momwe Africa adzakhalire zaka 500 zikubwerazo. Mkonzi wake adali Billy Kahora wa ku Kenya, ndipo mwa alembi ake mudali Amalawi monga Muthi Nhlema. Naye Ekari Mbvundula adatulutsa nkhani yotchedwa Montague's Last m'magazini ya Omenana m'chaka cha 2015, yonena za kapolo amene akufera m'ndende ya ku France uku akupanga chipangizo chake chomaliza mothandizidwa ndi matsenga. Mukapeza mwayi wowerenga nkhani zoterezi, kapena zimene zimatuluka m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, kumbukirani kuti mlembi wonena za zaka 500 zam'tsogolo amakhala akudzudzula kapena kuchenjeza anthu a lero.

6. Momwe mungalembere yankho kapena ndemanga

Tsatirani njira zisanu izi.

Choyamba, werengani nkhani yonse nokha, kawiri. Ulendo woyamba ingomvani kukoma kwake. Ulendo wachiwiri gwirani pensulo. Musadalire chidule cha mnzanu kapena cha buku lino, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa.

Chachiwiri, lembani mzere pansi pa malo amene chodabwitsa chalowera m'nkhani. Onani amene wachiona, amene wadabwa ndi amene sadadabwe. Nthawi zambiri mpangankhani amene sakudabwa ndiye amaulula mfundo ya mlembi.

Chachitatu, chotsani chodabwitsacho m'maganizo mwanu, muone chimene chatsala. Mukachotsa mbalame ya mphenzi, patsala mwana wamasiye wogwiritsidwa ntchito m'nthawi ya nkhondo. Mukachotsa kachirombo, patsala wodwala amene abale amutaya. Chotsalacho ndicho chimakulozerani ku mfundo yaikulu.

Chachinayi, bwezeranipo chodabwitsa chija, ndipo mufotokoze chimene chaonjezera. Mukalumpha njira imeneyi ndiye kuti mwaisandutsa nkhani yopeka kukhala lipoti la ofesi yoona za chisamaliro cha anthu.

Chachisanu, perekani chigamulo chanu: nkhaniyi yakwanitsa cholinga chake kapena ayi, ndipo chifukwa chiyani? Mawu akuti "nkhaniyi ndi yosangalatsa" kapena "ndi yoopsa" paokha alibe malikisi.

Taonani kusiyana kwa mayankho awiri pa funso lakuti: Fotokozani ntchito ya mbalame ya mphenzi m'nkhaniyi.

Yankho lofooka: "Mbalameyi ndi ya matsenga. Idapha ng'ombe kenaka idapha Azarias. Izi zikutiphunzitsa kuti ufiti ndi woipa."

Yankho labwino: "Mbalame ya mphenzi ndi chiphiphiritso cha nkhondo momwe mwana wosaphunzira akuionera. Umboni wake ndi wakuti asilikali akutiuza kuti ng'ombe idaponda bomba, koma Azarias, amene sadamve uthengawo, akupitiriza kukhulupirira za mbalame. Izi zikuchititsa kuti wowerenga adziwe zambiri kuposa mpangankhani, motero amumvere chisoni ndi kumuopera. Pamapeto mnyamatayo akuikumbatira mbalameyo, kusonyeza kuti moyo umene amausiya udalibe chomukoka kuti atsale."

Yankho loyamba lalakwitsa ngakhale zochitika zenizeni, pakuti m'nkhanimo mulibe mfiti. Lachiwiri latchula mfundo, lapereka umboni, ndipo lafotokoza zotsatira zake pa wowerenga. Ndime iliyonse ya yankho lanu ikhale ndi zinthu zitatu zimenezi.

Chenjezo lina ndi ili: musakakamize nkhani kutha ndi phunziro ngati nthano. Nkhani zambiri zamakono zimatha mlandu usanagamulidwe, ndipo mlembi amatero dala kuti wowerenga apitirize kuusinkhasinkha. Ngati mathero ali otseguka, nenani kuti ndi otseguka, tchulani matanthauzo awiri amene angakhalepo, kenaka sankhani limodzi ndi kuliikira kumbuyo.

7. Phindu lake kunja kwa chipinda cha mayeso

Luso limeneli silithera pa satifiketi. M'mwezi wa Januwale 2016, m'boma la Neno, mtsikana wina adafa ataombedwa ndi mphenzi, ndipo anthu okwiya adapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo adaitumiza. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zidafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera ena, ndipo anthu angapo osalakwa adaphedwa. Zonsezi zidachitika ngakhale lamulo la m'chaka cha 1911 lidaletsa kunenera munthu kuti ndi mfiti. Anthu amene adanyamula miyala ndi zibonga adamva nkhani yodabwitsa n'kufunsa funso limodzi lokha: "Wachita zimenezi ndani?" Wophunzira amene wazolowera kusanthula nkhani amafunsa mafunso ena. Akusimba nkhaniyi ndani? Adaona yekha kapena adangomva? Pali yankho lina limene silikutchulidwa? Nanga nkhaniyi ikakhulupiriridwa, apindule ndani, avutike ndani? Awa ndi mafunso omwewo amene tafunsa pa nkhani ya Mabata-bata. M'nkhani ija amene adalipira ndi mwana wamasiye. M'midzi mwathu amene amalipira kawirikawiri ndi agogo osauka amene alibe wowayankhulira.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani kusiyana kuwiri kwa pakati pa nthano ndi nkhani yaifupi yamakono yomwe muli malodza.

2. N'chifukwa chiyani mlembi wa nkhani ya Mabata-bata adalola kuti owerenga adziwe za bomba pamene Azarias sakudziwa? Perekani zifukwa ziwiri.

3. "A Raul ndiwo adapha Azarias." Vomerezani kapena tsutsani mfundoyi popereka umboni wochokera m'nkhani.

4. Fotokozani khalidwe la agogo a Carolina. Kodi iwo ali ndi gawo pa imfa ya mdzukulu wawo?

5. Sankhani nkhani imodzi yaifupi ya Chichewa imene mwawerenga m'kalasi kapena m'nyuzipepala, yomwe muli maloto, mizimu kapena malodza. Pogwiritsa ntchito njira zisanu za m'gawo 6, lembani ndemanga ya mawu osapitirira 250.

6. M'magulu a anthu anayi, kambiranani mphekesera imodzi yodabwitsa imene idamvekapo m'dera lanu, osatchula maina a anthu. Pezani mayankho awiri osiyana ofotokozera chimene chidachitika, ndipo munene amene akadavutika ndi yankho lililonse.